Dzina Lachinayi

Ku Łomża chisanu sichigogoda.
Tsiku lachiwiri la Novembala
ndinatsika basi ndi thumba la makandulo
a m'magalasi ofiira,
zala zitauma gwaa ngati nkhuni.

Pakhomo pa tchalitchi pali bokosi ndi timapepala.
Umalemba mayina a akufa ako,
wansembe nkumawawerenga mokweza mwezi wonse.
Ndinalemba Genowefa, mayi anga.
Ndinalemba Bogumił, mlongo wanga
amene mtsinje wa Narew unammeza ali ndi zaka khumi.
Ndinalemba azakhali a Leokadia.
Cholembera chinaima.
Zaka khumi ndi zinayi chakhala chikuimira pomwepa.

Zenon.
Zilembo zisanu zokha.
Munthu amene ananyamula makina osokera a mayi
usiku wa Lachisanu, atawakulunga m'bulangete langa,
nabwera Lamulungu akununkha vodika,
m'thumba muli maswiti awiri, ati ndi athu.

Anafa atalapa, amatero anthu.
Bambo Alojzy analowa m'chipinda cha kuchipatala
natuluka patapita ola lathunthu.
Ndinawafunsa tsiku lina pa msewu:
ngati Mulungu anakhululuka kale,
chatsala nchiyani choti ndipempherere?
Iwo anagwira mpendero wa chikhoti changa.
"Ndiwe mwana wa telala," anatero.
"Ukasula msoko wokhota ulusi umachoka,
koma timabowo ta singano timatsala pansalu.
Ku Purigatorio nsaluyo imanyowetsedwa, imasitidwa,
mpaka iyenere kuvalidwa pa ukwati.
Ndipo Mpingo uli ndi nkhokwe
imene anadzaza ndi Khristu ndi oyera ake.
Sagulitsamo kanthu.
Iwe ungotapa, ukapereke kwa amene sangathe kudzitapira."

Zofunika pa indulujensi ndimazidziwa pamtima.
Upite kumanda masiku oyamba a mweziwu,
ulape, ulandire Ukaristiya,
upempherere zofuna za Apapa.
Izi nzopepuka ngati kulipira basi.
Chomaliza ndicho chimandikhala pakhosi:
mtima usamatirire ku tchimo lililonse,
ngakhale laling'ono ngati nsonga ya singano.
Koma ine mkwiyo wanga ndimauweta ngati mphaka.
Umagona kumiyendo kwanga,
umadziwa kulira kwa kiyi wanga pachitseko.

"Ikapanda kukhala yathunthu," anatero akuchoka,
"siyipita pachabe. Kambale kosadzaza nako nkambale."

Usiku manda onse anali phuliphuli,
ngati tawuni yachiwiri yagwa pansi pa mitengo.
Fungo la phula, maluwa achikasu,
mabanja akupanikizana m'tinjira,
ana akufunsa kuti uyu anali ndani.
Mayi anachita kulamula kuti adzagone pambali pake.
Sindinawamvetse, mpaka lero.
Mwala ndi umodzi, mayina awiri,
moti sungayatse kandulo kwa mmodzi
kuwala osafika kwa winayo.
Zaka zonsezi ndimakankhira galasi kumanzere
ngati kuwala kumamvera malire.

Ndinagwada. Bondo linanyowa.
Sindinanene kuti ndakhululuka,
kunama pamanda ndimaopa.
Ndinati: Ambuye, munthuyu ndi wanu.
Ngati akudikira penapake, ali wolefuka ndi manyazi,
mtapireniko, pakuti ine dzanja langa nlofumbata.
Ndinakumbuka maswiti aja.
Langa ndinaponya m'ng'anjo.
Bogumił anadya lake, nati nlokoma.

Ndinabwerera kutchalitchi asanatseke.
Pepala linali likadali m'thumba, litakwinyika.
Ndinalemba timalemba ting'onoting'ono
pansi penipeni, pamene pepala limathera.

Lamulungu wansembe wachinyamata anawerenga mayina,
mazana angapo, mawu ake akusasa.
Genowefa, Bogumił, Leokadia,
kenaka lija, mpweya umodzi basi,
ndipo anapitirira kwa akufa a banja lina.
Denga silinagwe.
Anthu anayankha kupempha mpumulo wosatha,
ine ndinayankha nawo,
mochedwa pang'ono,
ndikumva kutentha kwa simbi
pa nsalu imene sindinkadziwa kuti ndi yanga.